Zipika za ku Kalambo: asayansi adziwa bwanji kuti zatha zaka 476,000?

Mu Seputembala 2023 kunamveka nkhani yoti ku Zambia, pafupi ndi mathithi a Kalambo, kwafukulidwa zipika ziwiri zimene wina anazisema n'kuzisanjika bwinobwino zaka pafupifupi 476,000 zapitazo. Zotsatira za kafukufukuyu zinatuluka m'magazini ya sayansi yotchedwa Nature, ndipo manyuzipepala a m'mayiko ambiri analemba kuti palibenso chomangidwa cha mitengo chakale kuposa chimenechi chomwe chinapezekapo padziko lapansi.

Munthu wokulira kumudzi akamva zimenezi sachedwa kupukusa mutu. Chipika mukachisiya kuseri kwa nyumba, mvula ziwiri sizidutsa chiswe chisanachisandutse dothi. Nkhokwe yomangidwa ndi mitengo yolimba imafunabe kukonzedwa pakapita zaka zochepa. Ndiye zipika izi zinapulumuka bwanji? Nanga zakazo anawerenga ndani, poti panalibe wolemba tsiku? Mafunsowa ndi oyenera, ndipo ofufuzawo anayenera kuwayankha anzawo asanavomere kuti nkhaniyo isindikizidwe.

## Chimene chinapezeka

Mtsinje wa Kalambo uli m'malire a Zambia ndi Tanzania, chakumpoto kwa tauni ya Mbala. Usanakathire m'nyanja ya Tanganyika umagwa paphompho lalitali mamita opitirira 200. Chakumtunda kwa mathithiwo kuli kachigwa komwe mtsinje wakhala ukuunjika mchenga ndi matope kwa zaka zosawerengeka, ndipo m'gombe la mtsinje mmenemo ndi momwe gulu lotsogozedwa ndi Larry Barham wa pa yunivesite ya Liverpool linakumba mu 2019, mogwirizana ndi akatswiri a ku Zambia, kuphatikizapo a nyumba yosungira zakale ya Moto Moto ku Mbala.

Pansi penipeni, pomwe madzi sachoka, anapeza chipika chachitali pafupifupi mita imodzi ndi theka, chosongoledwa mbali zonse ziwiri, chitagona mopingasa pamwamba pa thunthu lina lalikulu. Pamalo pomwe ziwirizi zakumana, chapamwambacho chinagobedwa kuti chikhale bwino pa chinzake osagubuduka. Amene anaonapo mmisiri akumanga khola kapena thandala aidziwa ntchito imeneyi: amayeza mtanda pa mzati, n'kutenga kasemasema n'kugoba pang'ono pomwe pakhale mtengo winawo, kenaka ayesanso, agobanso, mpaka mitengo iwiriyo itagwirana yokha luzi lisanafike. Kusiyana kwake n'koti wa ku Kalamboyu analibe chitsulo. Anagoba ndi mwala.

Mtengo wake ndi umene asayansi amautcha Combretum zeyheri, womwe umamerabe m'nkhalango za chigawo chino mpaka lero. M'matope a pamwamba pake anapezamonso zinthu zina zinayi zamtengo, za zaka zapakati pa 390,000 ndi 324,000 zapitazo: ndodo yokumbira, kamtengo kosongoka kooneka ngati kokhomera pong'amba nkhuni, chipika chodulidwa, ndi nthambi yogobedwa.

Malowa si achilendo kwa ofukula zakale. J. Desmond Clark, yemwe ankayang'anira nyumba yosungira zakale ku Livingstone, anayamba kufufuzapo mu 1953 ndipo anabwererako kangapo mpaka m'ma 1960. Nayenso anapeza mitengo, koma zizindikiro zoti inasemedwa sizinkaoneka bwino, komanso nthawi imeneyo kunalibe njira yodalirika yoyezera msinkhu wa zinthu zakale motere pamalo ngati amenewa.

## Chifukwa chake sizinaole

Mtengo suola wokha. Umaoletsedwa ndi zamoyo zimene zimaudya: chiswe, tizilombo tofukula, nkhungu ndi mabakiteriya. Zambiri mwa zimenezi zimafuna mpweya wa okosijeni kuti zigwire ntchito. Mtengo ukamira m'matope onyowa n'kukwiririka msanga, mpweya sufikako, ndipo odyawo amasowa polowera. N'chifukwa chake mzati umaolera pakhosi, pomwe dothi lakumana ndi mpweya, pamene mtengo womira m'dambo umatha kuzulidwa patapita zaka zambiri uli wakuda bii koma wathunthu.

Ku Kalambo zinangochitika mwamwayi kuti madzi a pansi panthaka sanatsikepo kupitirira pomwe panali zipikazo. Chikanakhala chilala chimodzi chachitali choumitsa matopewo, bwenzi lero kulibe nkhani.

## Si ntchito ya mtsinje kodi?

Madzi osefukira amakokolola mitengo n'kuiunjika yopingasana, ndipo mchenga umaperesa mtengo mpaka kusalala. Choncho kupeza zipika ziwiri zitasanjikana si umboni pakokha. Chimene chinakhutiritsa ofufuza ndi zipsera za pamtengo. Ataunika pogobedwapo ndi makina okuza zinthu, anaona mizere yotema ndi yopala, yolunjika mbali zofanana, ngati mmene dzanja limachitira likamabwereza pamalo amodzi. Kenaka anasema okha miyala yofanana ndi ya nthawi imeneyo, n'kutemera mitengo yatsopano, n'kuyerekeza zipserazo. Zinafanana. Thunthu lapansi nalonso linali ndi zipsera pamalo omwewo okumanirana.

## Njira yodziwika ija ya kaboni inalephera apa

Ambiri amene anaphunzirako sayansi kusekondale anamvapo za kuyeza zaka pogwiritsa ntchito kaboni 14. Chamoyo chilichonse, mtengo kaya nyama, chimalowetsa m'thupi kaboni wochokera mumpweya, ndipo kagawo kakang'ono ka kaboniyo ndi ka mtundu wosakhazikika umenewu. Chamoyocho chikafa sichilowetsanso wina, ndipo amene analimoyo amayamba kuchepa pa liwiro lodziwika: theka limatha pa zaka 5,730 zilizonse. Njirayi anaitulukira ndi Willard Libby kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1960.

Vuto lake lili pa masamu. Tengani kilogalamu imodzi ya mchere, mutaye theka. Pa wotsalayo mutayenso theka. Mukachita zimenezi kakhumi mutsala ndi mchere wosakwana galamu imodzi. Kwa kaboni 14, maulendo khumi amenewo ndi zaka 57,300, ndipo pofika pamenepo wotsalayo amakhala wochepa kwambiri moti kafumbi kalikonse ka masiku ano kakagwerapo kasokoneza zonse. N'chifukwa chake njirayi imathera cha pa zaka 50,000. Chipika cha ku Kalambo chadutsa maulendo oposa 80 ogawa pakati. Mukachiyeza ndi kaboni, yankho lake ndi loti n'chakale kuposa pomwe muyezo umafika, basi.

## Wotchi ya mumchenga

Apa ndiye pagona nkhani. Ofufuzawo sanayeze mtengowo. Anayeza mchenga umene unaukwirira, ndipo funso limene anaufunsa mchengawo ndi lakuti: unaona dzuwa komaliza liti?

Ntchitoyi inatsogozedwa ndi Geoff Duller wa pa yunivesite ya Aberystwyth ku Wales, ndipo njira yake imatchedwa luminescence, kutanthauza kuwala kumene chinthu chimatulutsa chisanatenthedwe mpaka kuyaka. Kuti timvetse, tiyambe ndi ndowa.

Tiyerekeze kuti denga likudontha, ndipo mwatchera ndowa yopanda kanthu. Madzi akugwa dontho limodzilimodzi pa liwiro losasintha. Mukabwerako n'kupeza malita asanu, ndipo mukudziwa kuti dengalo limadontha lita imodzi pa ola, simufunika wotchi kuti mudziwe kuti papita maola asanu. Mukungofunika zinthu zitatu: kuchuluka kwa madzi, liwiro la kudontha, ndi chitsimikizo choti ndowayo inayamba ilibe kanthu.

Kamchenga kalikonse ndi kandowa kotere. Mchenga wambiri ndi tizidutswa ta miyala iwiri, quartz, womwe ndi mwala woyera wonyezimira uja, ndi feldspar. M'kati mwa timiyalati muli timalo topunduka tomwe timatha kukola tinthu tating'onoting'ono ta magetsi totchedwa maelekitironi. Madontho ake amachokera m'dothi momwemo. Dothi lililonse, ngakhale la m'munda mwanu, lili ndi uranium, thorium ndi potaziyamu pang'onopang'ono, ndipo zimenezi zimatulutsa mphamvu yosaoneka yotchedwa radiation. Ndi yochepa zedi, yosavulaza munthu, koma imagunda mchengawo usana ndi usiku, n'kumakankhira maelekitironi m'timisampha tija. Zaka zikamapita, okodwawo amachuluka.

Nanga wokhuthula ndowa ndani? Dzuwa. Kuwala kukagunda kamchenga, maelekitironi okodwa aja amamasuka. Choncho mchenga umene ukuyenda ndi madzi a mtsinje masana umakhala wokhuthulidwa. Tsiku limene wakwiriridwa ndi matope n'kulowa mumdima, kudzaza kumayambiranso. Tsiku limenelo ndi lomwe asayansi akulifuna, chifukwa ndi nthawi yomwe chipikacho chinakwiririka.

Zikatero mukhoza kuona chifukwa chake otenga mchengawu amachita ngati akuba. Amakhomera paipi yosalowa kuwala m'khoma la dzenje, n'kuitseka mbali zonse isanaone dzuwa. Ku labotale amaitsegulira m'chipinda chamdima chokhala ndi kanyali kofiira kofooka, ngati mmene ankatsukira zithunzi kale ojambula asanayambe kugwiritsa ntchito foni. Mchenga wa kumapeto kwa paipi, womwe mwina unaona kuwala, sauwerengera. Wapakatiwo amautsuka, kuusefa, n'kuuika m'makina amene amauwalitsira dala. Maelekitironi akamamasuka amatulutsa kakuwala kochepa kwambiri kosaoneka ndi maso, ndipo makinawo amakayeza. Kuwala kukachuluka ndiye kuti ndowa inali yodzaza kwambiri. Kenaka amathira mchenga womwewo radiation ya muyezo wodziwika kuti aone kuti pamafunika yochuluka bwanji kuti kuwala kofanana kutuluke. Mbali inayo amayeza dothi la pamalopo kuti adziwe liwiro la madontho pachaka. Akagawa nambala yoyamba ndi yachiwiri, zaka zimatuluka.

Pali zovuta ziwiri zimene zinachedwetsa njirayi kufika pa zaka zambiri chonchi, ndipo zonse zikumveka ndi ndowa yomweyo. Quartz ndi ndowa yaing'ono. Imadzaza msanga, nthawi zambiri zaka 200,000 zisanakwane, ndipo ndowa ikadzaza n'kuyamba kusefukira simungadziwenso kuti yakhala nthawi yaitali bwanji. Feldspar ndi ndowa yaikulu, koma ndi yobooka: maelekitironi ena amathawa okha ngakhale mumdima, zomwe zimachititsa chinthu kuoneka chaching'ono msinkhu kuposa mmene chilili. Zaka zaposachedwapa akatswiri anapeza kuti si timisampha tonse ta feldspar timene timataya. Akayamba awalitsa mchengawo pa kutentha kochepa, tobookato timakhuthuka. Akawalitsanso kachiwiri pa kutentha kokwererapo, amawerenga tolimba tokhatokha. Njira ya maulendo awiriyi ndi imene inagwira ntchito pa mchenga wakale kwambiri wa ku Kalambo, ndipo Clark analibe m'masiku ake.

## Nambalayo ili ndi mchira

M'manyuzipepala munalembedwa 476,000 yokha, koma ofufuzawo analemba kuti 476,000, kuwonjezera kapena kuchotsera 23,000. Kunena kwina, chipikacho chinakwiririka nthawi ina yapakati pa zaka 453,000 ndi 499,000 zapitazo. Ena akamva zimenezi amati ndiye kuti akungopeka. Ine ndimaona mosiyana. Wogulitsa chimanga amene wakuuzani kuti thumba ili lili pakati pa makilogalamu 48 ndi 52 ndi wodalirika kuposa amene walumbira kuti ndi 50 ndendende alibe sikelo.

Mchirawo umachokera ku zinthu zodziwika. Chachikulu ndi madzi: dothi lonyowa limatchinga gawo la radiation, choncho pamafunika kuyerekeza kuti linali lonyowa bwanji pa zaka zonsezo. China n'choti mchenga wa m'madzi akuda a chigumula, kapena woyenda usiku, mwina sunakhuthuke wonse usanakwiririke, ndipo zikatero zaka zimaoneka zochuluka kuposa zenizeni. Pofuna kudziteteza, ofufuza amatenga mchenga pamalo angapo kuyambira pansi mpaka pamwamba pa dzenje, n'kuona ngati zaka zikutsatana bwino, zapansi zochuluka, zapamwamba zocheperako. Ku Kalambo zinatsatana.

Pokumbukira kuti anayeza mchenga osati mtengo, chipikacho sichingakhale chaching'ono msinkhu kuposa mchenga umene unachikwirira. Ndipo poti mtengo wosiyidwa pamtunda sukhalitsa, sichingakhalenso chachikulu kwambiri kuposa mchengawo.

Kuti nambalayi ilowe m'mutu, tiyese kuiwerenga m'mibadwo. Tikati mbadwo umodzi ndi zaka 25, ndiye kuti kuchokera kwa wosema uja kufika kwa ife padutsa mibadwo pafupifupi 19,000. Ambirife agogo a agogo athu sitiwadziwa dzina.

## Anasema ndani, nanga ankamanga chiyani?

Pa funso ili ofufuzawo anasamala pakamwa, ndipo nafenso tisamale. Ku Kalambo sikunapezeke mafupa a anthu. Chodziwika n'choti mafupa akale kwambiri a mtundu wathu, umene sayansi imautcha Homo sapiens, ndi a ku Jebel Irhoud m'dziko la Morocco, a zaka pafupifupi 300,000. Zipikazi zikuposa pamenepo ndi zaka zoposa 150,000. Choncho malinga ndi umboni umene ulipo, wosemayo anali wa mtundu wina wa anthu akale.

Dzina limene limatchulidwa kawirikawiri ndi Homo heidelbergensis, ndipo chifukwa chake chili ku Zambia komweko. Mu 1921 anthu okumba mtovu pa mgodi wa Broken Hill, komwe lero ndi ku Kabwe, anapeza chigaza cha munthu wa mafupa a pamwamba pa maso otumphuka kwambiri ndi ubongo waukulu ndithu. Akatswiri ambiri amachiika m'gulu limeneli. Kafukufuku wa mu 2020 anapeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 299,000. Chigazacho chili ku Natural History Museum ku London, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti chibwerere kwawo. Komabe pakati pa chigazacho ndi zipika zija pali zaka zambirimbiri ndi mtunda wautali, moti kunena kuti ndi anthu amodzi kumakhala kuganizira chabe.

Za chomangidwacho, ofufuza anatchula zinthu zitatu zimene chikanakhala: nsanja yokhalapo kapena yoikapo katundu pamalo onyowa, ulalo wodutsira pamatope, kapena maziko a pogona. Zipika ziwiri sizokwanira kusankha chimodzi. Amene analemba kuti kwapezeka nyumba yoyamba anathamanga magazi.

## Chasintha n'chiyani pa zimene tinkadziwa

Kusukulu tinaphunzira kuti kunali nyengo ya miyala, kenaka ya chitsulo. Dzinalo linabwera chifukwa miyala ndi imene imatsala. Taganizani mudzi wa agogo anu utasiyidwa zaka 1,000. Nkhokwe, mtondo, munsi, lichero, mphasa, mipini, bwato, denga, zonse zitha. Wofukula adzapeza mphero, mapale ndi mwina khasu ladzimbiri, n'kulemba buku lonse kuchokera pa zimenezo. Akhoza kunena zoona pa chilichonse chimene wapeza, koma mudziwo sanauone.

Mitengo yosemedwa yakale inapezekapo kwina, koma yochepa kwambiri: nsonga ya mkondo ya ku Clacton ku England, ya zaka pafupifupi 400,000, yomwe inapezeka mu 1911, ndi mikondo ya ku Schöningen ku Germany yomwe inafukulidwa m'ma 1990. Zonsezi ndi zida zogwira m'manja, zosakira kapena zokumbira. Cha ku Kalambo n'chosiyana chifukwa ndi mitengo iwiri yokonzedwa kuti igwirizane n'kupanga chinthu chachitatu. Kuti munthu agobe mtengo uwu poganizira mtengo uwo, ayenera kukhala ataona kale m'mutu chimene akufuna kumanga. Ayeneranso kugwetsa mtengo ndi nkhwangwa yamwala, ntchito yosatheka kuichita mongodutsa.

Apa ndi pomwe nkhaniyi yakhudza akatswiri a chikhalidwe cha anthu. Kwa nthawi yaitali chithunzi cha anthu a nyengo imeneyo chinali cha oyendayenda, ogona pomwe dzuwa lawalowera. Barham ndi anzake akuti pamalo ngati Kalambo, pomwe madzi saphwa ndipo nkhalango ili pafupi, anthu akanatha kukhazikika kwa kanthawi mpaka kuona kuti kumanga n'kwaphindu. Akatswiri ena amavomereza kuti mtengowo unasemedwa koma amati kuchoka pa zipika ziwiri kufika pa anthu okhazikika ndi sitepe yaitali, poti ngakhale oyendayenda amamanga zinthu pamalo omwe amabwererapo chaka ndi chaka. Mtsutso umenewu sunathe.

Wotchi ya mumchenga yomweyi inagwiranso ntchito ku Karonga. Mu 2021 gulu lotsogozedwa ndi Jessica Thompson wa pa yunivesite ya Yale linafalitsa zimene linapeza litayeza mchenga wa pamalo ambiri okhala ndi zida zamiyala kumpoto kwa nyanja ya Malawi, n'kuyerekeza ndi matope okumbidwa pansi pa nyanjayo. M'matopewo muli mungu wa zomera ndi makala, zosanjikana motsatana ndi nthawi. Kale mvula ikachuluka nkhalango inkabwerera. Koma cha m'ma zaka 85,000 zapitazo mvula inachuluka, nyanja inadzaza, nkhalango osabwerera ngati kale, makala ali mbwee, ndipo zida za anthu zinali zitayamba kuwanda m'deralo kuyambira zaka 92,000 zapitazo. Ofufuzawo akuona kuti anthu ankatentha tchire mwadala n'kusintha maonekedwe a dziko. Amene amaona utsi wa mu Ogasiti m'mapiri athu sangadabwe kwambiri.

Zipika za ku Kalambo zitatulutsidwa m'matope zinalowa m'ngozi imene zinaizemba kwa zaka zonse zija. Mtengo wokhuta madzi chotere ukauma umakwinyika ndi kung'aluka, ndipo zipsera zija, zomwe ndi umboni wonse, zimafufutika. Choncho anazitengera ku Britain zili zonyowa, ndipo pamene nkhaniyi inkalengezedwa mu 2023 zinali zikusungidwa m'mathanki a madzi, podikira kuzilimbitsa kuti zidzabwerere ku Zambia.